Matumba 250 a simenti khoma lili pa windo: andibera kapena ndi mmene zimakhalira?

Wakujoni_Njewa
Moni nonse akuluakulu. Ndimangowerenga pa gulu pano, koma lero ndabwera ndi mtima wowawa. Ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo ndikumanga nyumba ku Njewa, njira ya ku Mchinji. Zipinda zogona zitatu, pabalaza, khitchini, bafa ndi chimbudzi za m'kati. Pa pulani ndi mamita 12 m'litali, 10 m'lifupi. Akuyang'anira ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga. Ndalama ndimatumiza pa Mukuru, iwo amagula katundu ndi kulipira amisiri. Dzulo anditumizira zithunzi, khoma lafika pa windo, ndipo akuti simenti yomwe yalowa ndi matumba 250, nditumize ya matumba ena 60 kuti afike pa lintala. Mabuloko ndinagula oumbaumba, sanaumbire pamalopo. Inu amene munamangapo, 250 pa windo n'zoona? Kufunsa mwaukali ndikuopa chifukwa ndi alamu, koma lomwe likupitali ndi thukuta langa.

Kambewa
Achimwene, mukumanga nyumba ziwiri. Inayo adzakuitanani tsiku lolowa.

Mai_a_Tadala
A Kambewa musayambe ndi kuseka, munthu walira. Koma zoona bambo, nambala imeneyo yandidzidzimutsa. Yanga ndi yocheperako pang'ono, koma pa 250 ndinali nditakhoma kale malata.

Chitsulo_Y12
Malisiti alipo? Tiyambire pamenepo.

Wakujoni_Njewa
Alipo ena, amandijambulira pa WhatsApp. Ena akuti anatayika, ena ndi olemba pamanja opanda chidindo.

Kambewa
Lisiti la ku hadiweya ndiye umboni? Ukagula matumba 20 n'kupempha mnyamata wa pa kauntala kuti alembe 30, amangofunsa kuti ya fanta ilipo.

QS_wa_ku_Kanengo
Tisanagamule mlandu tiwerenge kaye, achimwene. Ntchito yanga ndi ya quantity surveyor (QS), wowerengera katundu ndi ndalama zofunika pa zomanga, ndiye ndiwerengera pa zomwe mwanenazo, ngakhale pulani sindinaione.

Nyumba ya 12 ndi 10, khoma lozungulira ndi mamita 44. Makoma a m'kati a nyumba ya zipinda zitatu tiike mamita 31, onse pamodzi 75. Konkire wa pansi pa maziko akakhala wa masentimita 60 m'lifupi ndi 20 kuchindikala, ndiye 75 × 0.6 × 0.2, ma cubic metre 9. Pa kasakanizidwe ka 1:3:6 (muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga, isanu ndi umodzi ya miyala) cubic metre imodzi imadya matumba anayi ndi theka, tingoti matumba 40. Khoma la m'maziko, la njerwa ziwiri, likatalika masentimita 60, matumba 22 kapena kuposerapo pang'ono. Silabu ya ma square metre 120 yochindikala masentimita 10 ndi ma cubic metre 12, ndipo ngati anathira wa 1:2:4, yemwe amadya matumba asanu ndi limodzi ndi theka pa cubic metre, ndi matumba 78. Khoma mpaka pa windo, lotalika ngati mita imodzi: square metre imodzi imalowa mabuloko 12 ndi theka, ndiye mabuloko ngati 940, thumba limodzi limamanga mabuloko ngati 40, matumba 23.

Zonse pamodzi tili pa 163, tingoti 165. Kuikapo zotayika, chifukwa dothi la simenti limagwa pansi ndipo lina limauma m'wilibala, tifike 180. Kusiyana kwake ndi 250 n'kwakukulu, koma sindinena kuti akuberani ndisanadziwe zinthu zitatu. Malowo ndi athyathyathya kapena otsetsereka? Pulani munasinthapo chiyambireni? Pali china chomwe anamanga kunja kwa nyumba?

Chitsulo_Y12
Apa ndiye tabwera kusukulu.

MmisiriWakale
Zikomo a QS pofunsa musanaweruze. Ine ndagwira chipande zaka 27, ndipo pa magulu ngati ano mmisiri amakhala wakuba asanatsegule pakamwa. Ndikuuzeni zomwe timaona ife. Mwini nyumba ali kunja, amaimba foni usiku: "Madala, ndaona nyumba ina pa Facebook, chipinda changa chikhale ndi bafa lakelake." Mawa lake: "Khonde likulitseni." Sabata yamawa: "Zenera ilo lachepa, gumulani." Palibe chomwe amalemba. Ikafika nthawi yowerengera, iye akukumbukira pulani yoyamba ija ndi mtengo woyamba uja, zomwe ananena pa foni zinapita ndi mphepo. Akuba alipo, sindikana, ndawaonapo anyamata akutsitsa matumba awiri pa njinga usiku. Koma simenti yambiri imadyedwa ndi pakamwa pa eni nyumba.

Kambewa
Madala, mbuzi imadya pomwe aimangirira. Musatinamize.

MmisiriWakale
Mwana wanga, ukaimangirira osaipatsa madzi miyezi itatu umayembekeza chiyani? Alipo mabwana omwe ali ndi ndalama zanga za leba kuyambira 2022, nyumba akugonamo.

Nachisale_Mphunzitsi
Ndilankhuleko monga munthu amene anamanga ndi malipiro a uphunzitsi ndi banki m'khonde, ku Dedza. Zanditengera zaka zinayi. Ndinalibe QS, ndinali ndi kope la ana asukulu la masamba 96 ndi loko.

Kopelo ndinaligawa pawiri. Kutsogolo ndalama: tsiku, ndagula chiyani, zingati, kwa ndani. Kumbuyo katundu: walowa m'sitolo ndi wotuluka. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu mmisiri ankanena ntchito ya tsikulo, ndimatulutsa matumba omwe tagwirizana, amasaina, ndimakhoma. Madzulo ndimawerenga mabuloko omwe amangidwa. Masiku atatu oyamba ndinadziwa kale kuti thumba limodzi likumanga mabuloko angati. Tsiku lina atulutsa matumba asanu koma mabuloko omangidwa ndi a matumba atatu, ndinangofunsa mofatsa kuti awiri ali pati. Anapezeka kuseri kwa mulu wa mchenga atafunditsidwa udzu. Sindinakalipe, sindinathamangitse munthu. Sizinachitikenso.

Chomwe ndinaphunzira n'chakuti kutsogolo kwa kope kunkandipusitsa. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, ndiye ukamangoyang'ana makwacha sudziwa ngati ndalama yatha chifukwa simenti yakwera kapena chifukwa yasowa. Kumbuyo kwa kope kunalibe bodza. Thumba ndi thumba, kaya kwacha yagwa kaya yadzuka.

QS_wa_ku_Kanengo
Mayi, mwanena m'mawu ochepa zomwe ife timaphunzira zaka zambiri. Pa ntchito zikuluzikulu timakhala ndi BOQ, chikalata chomwe chimandandalika gawo lililonse la ntchito ndi kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, kenako mtengo wa zonse. Kuchuluka ndi mtengo zili m'mizere yosiyana dala. Mtengo ukakwera, si mlandu wa mmisiri. Kuchuluka kukakwera pomwe pulani sinasinthe, pamenepo wina ayankhe. Achimwene a ku Joni akanakhala ndi pepala limodzi lokha lonena kuti maziko matumba akuti, silabu akuti, funso limeneli akanalifunsa pa thumba la nambala 100, osati la 250.

Dada_wa_ku_Leeds
Ine ndimauza mlonda kuti asunge matumba opanda kanthu, Loweruka lililonse amawayala pansi n'kujambula ndikuwerenga. Ndinaikanso kamera ya sola.

Kambewa
Matumba opanda kanthu amagulitsidwa, dada. Akhoza kukuyalirani 500 mutafuna.

Nachisale_Mphunzitsi
Alembeni nambala ndi penti tsiku lomwe afika, 1 mpaka 50. Lopanda nambala si lanu.

Dada_wa_ku_Leeds
Eee, imeneyo sindinaiganize. Kamera nayo inagwira ntchito miyezi iwiri, kenako akuti mbalame inamangapo chisa. Mbalame ya kwathu ndi yanzeru, inasankha pa galasi penipeni.

Mai_a_Tadala
Kkkkk mbalame yovala magambuti.

Wakujoni_Njewa
Pepani ndinali pa shifiti. A QS, mafunso anu andichititsa manyazi pang'ono. Malowo ndi otsetsereka, mbali ya kumunsi khoma la maziko linafika m'chifuwa mwa munthu asanathire silabu. Khonde ndinawonjezera ndine mu Okutobala, la mamita 6 ndi 2, pa pulani panalibe. Ndipo ndaimbira mlongo wanga, akuti anamanganso dzenje la septic, ndinawauza ndekha kuti akumbiretu mvula isanayambe, ndinaiwala. China akuti matumba 20 anauma mu Januwale, madzi analowa m'kasitolo.

MmisiriWakale
Mwamva a Kambewa? Ndikudikira kupepesa.

Kambewa
Ndipepesa matumba 20 owumawo ndikawaona ndi maso.

QS_wa_ku_Kanengo
Ndiye tiwerengenso. Kutsetserekako kukhoza kuwonjezera matumba 15 pa khoma la maziko. Khonde ndi maziko ake ndi silabu yake, 12. Septic yomanga ndi njerwa, pulasitala m'kati ndi chivundikiro cha konkire, 18. Owuma 20. Zonsezi ndi 65, kuphatikiza pa 165 ija, osaikapo zotayika zija, tili pa 230. Atsala 20 osadziwika kolowera. Kunena zoona, kuwerengera kwa patali ngati kwangaku kukhoza kuphonya ndi matumba 20 amenewo, mmisiri wina dzanja lake ndi lolemera, dothi amaika lochindikala. Ndiye pa zomwe zapita kale mulibe umboni woti muyambanire ndi alamu.

Pomwe ndikukayika ndi pa 60 akupemphawo. Kuchoka pa windo kufika pa lintala ndi mita imodzi ndi pang'ono, mukachotsa mazenera ndi zitseko ndi mabuloko osakwana 900, matumba ngati 22. Ring beam, lamba wa konkire wa pamwamba pa makoma, yozungulira mamita 75 siposa ma cubic metre atatu, matumba 20. Ndiye 42, tingoti 45. Afunseni kuti 15 enawo ndi a chiyani. Mwina ali ndi yankho, mwina akufuna mapilala a pakhonde. Koma afunseni asanagule.

Zitsulo muwerengeretu inunso. Ring beam ya zitsulo zinayi za Y12, zochindikala mamilimita 12, pa mamita 75 ndi mamita 300. Chitsulo chimodzi ndi mamita 12, ndiye 25, kuonjezapo zolumikizira 28. Akanena 40 mudziwe pofunsa.

Chitsulo_Y12
Pa zitsulo ndiwonjezere. Y12 yeniyeni ya mamita 12 imalemera makilogalamu pafupifupi 10.7. Pamsika pali zina zomwe dzina ndi Y12 koma ukaika pa sikelo sizifika. Wogula amakulipiritsani mtengo wa yeniyeni, iye n'kutenga yowonda. Malata chimodzimodzi, munalipira geji 28 akukhomerani geji 30, pachithunzi simungasiyanitse. Nambala ikakula lata limapyapyala, ambiri amaganiza mosemphana.

Mai_a_Tadala
Nanga mchenga? Ine anandipha pa matiripi. Tipa ikubwera yosadzaza, iwo akuwerenga tiripi yathunthu.

Chitsulo_Y12
Yezani bodi ya galimotoyo kamodzi, litali, lifupi ndi kuya, mulembe mzere ndi choko pomwe mchenga uyenera kufika. Asakhuthule mlonda asanakwere kuona. Akakhuthula basi, mulu suyezeka.

Gogo_Chalo
Ana inu mukuvutika ndi mabuloko anuwa. Ife tinkaumba njerwa pamalo pomwepo, kuwotcha uvuni umodzi, kumanga ndi dothi, simenti ya pulasitala yokha. Nyumba yanga ya 1984 ilipo mpaka lero, palibe mng'alu.

Mphukira_Zomba
Agogo, nthawi imeneyo mitengo inalipo. Pano nkhuni za uvuni umodzi mukagula kuti, pa mtengo wanji? Komanso mu 2018 malamulo a NCIC, bungwe lomwe linkayang'anira zomangamanga, analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda. Mapiri ayera ndi mauvuni omwewa.

Gogo_Chalo
Yanga si ya boma, mwana wanga, ndi yogonamo ine ndi agogo ako.

MmisiriWakale
Pa mtengo pokha, musamayerekeze njerwa imodzi ndi buloko imodzi. Njerwa zathu zoumba pamanja sizifanana kukula, zina zopindika, ndiye dothi limalowa lambiri pomanga, pulasitala nayenso amachindikala kuti khoma liwongoke. Pa lole iliyonse zosweka ndi zosapsa zimakhalapo zambiri. Buloko ndi yodula pogula koma imathamanga ndipo imadya simenti yochepa pomanga. Koma buloko yoti thumba limodzi aumbira zambirimbiri, yongofumbutuka ukaikanda ndi chala, bola njerwa ya agogo.

Mphukira_Zomba
Ndipo nyumba zomanga ndi dothi zija tinaziona mmene zinagwera ndi Freddy mu Malichi 2023.

Gogo_Chalo
Freddy anagwetsa ndi milatho ya konkire yomwe. Usandiphunzitse mvula.

Admin_Mpanda
Nkhani ya njerwa ili ndi malo ake pa gulu pano, akuluakulu. Tibwerere kwa achimwene a ku Njewa.

Nyamazikulu_BT
Ine nditsutsana ndi ambiri pano. Vuto si matumba, vuto ndi kuika m'bale pa ndalama. Alamu simungawafunse lisiti osayambana ndi mlongo wanu. Pezani kontirakita wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira zomangamanga, musainirane, amange ndi katundu wake, inu muzilipira pa gawo lomwe latha. Simenti ikauma ndi yake, ikabedwa ndi yake. Ine ndinachita choncho ku Chileka ndipo ndinkagona tulo.

Nachisale_Mphunzitsi
Tulo timeneto munagula, achemwali. Kontirakita amaika phindu lake ndi chitetezo chake pa mtengo. Ife a malipiro a pamwezi sitingakwanitse, timamanga thumba limodzilimodzi.

Nyamazikulu_BT
Nanga matumba 20 owuma ndi 20 osowa si mtengo? Mumalipirabe, kungoti simuona.

MmisiriWakale
Mayi a ku Chileka, munamanga chaka chanji? Chifukwa amene anasainira mtengo wokhazikika mu Okutobala 2023 analira. Pa Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, chaka cha 2022 mu Meyi inali itagwa kale ndi 25. Kontirakita wotere amachita chimodzi mwa ziwiri: kuthawa, kapena kubweza ndalama yake m'khoma mwanu. Pomwe pafunika mawilibala atatu a mchenga athira asanu. Inu mukugona tulo, nyumba ikudwala.

Injiniya_Wamng'ono
Ndimagwira ntchito pa zomanga zikuluzikulu, ndiye ndifotokoze mmene timachitira, mutengepo zomwe zingakwane pa nyumba ya munthu.

Kontirakita salipidwa chifukwa wapempha. Mwezi ukatha amalemba zomwe wachita, QS amapita kukayeza ndi tepi, ndipo satifiketi yolipirira imatuluka pa ntchito yomwe yaoneka ndi maso. Pa malipiro alionse timasungako pang'ono, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, timati retention. Theka lake amalandira ntchito ikatha, theka linalo pakapita miyezi yomwe munagwirizana, denga litaona mvula ndipo zolakwika atakonza. Kusintha kulikonse, ngakhale kusuntha chitseko, kumalembedwa ndi mtengo wake ntchitoyo isanagwiridwe, timati variation. Khonde la achimwene lija ndi variation yomwe sinalembedwe, n'chifukwa chake yabwera ngati kuba. Pa bajeti timaikanso ndalama yapadera ya zadzidzidzi, nthawi zambiri 10 peresenti, chifukwa pansi pa nthaka palibe amene amadziwa zonse, mukhoza kukumana ndi thanthwe kapena chulu. Ndipo za kugwa kwa kwacha zomwe akunena madala, mgwirizano wabwino umanenatu kuti mitengo ikasintha tidzawerengera motani.

Pa nyumba yanu, gawani leba m'magawo: maziko, silabu, pa windo, pa lintala, denga, pulasitala, pansi. Gawo lililonse mtengo wake ndi katundu wake papepala. Lamulo langa ndi limodzi: ndalama izitsatira ntchito, isamatsogole. Mmisiri amene walandira za denga khoma lili pa windo, mudzamusaka.

MmisiriWakale
Zonsezo ndavomera, koma kadipoziti koyambira kakhalepo. Anyamata othandiza amafuna ya ufa Loweruka, sadya satifiketi. Ndipo retention imeneyo muzibweza. Ambiri mumaisandutsa mphatso yanu.

Injiniya_Wamng'ono
Zoona madala, yosungidwayo ndi ya mmisiri, si ya bwana.

Dada_wa_ku_Leeds
Funso langa ndi la kagulidwe. Ndi mmene mitengo ikuthamangiramu, si bwino kugula simenti yonse pakamodzi ndalama ikapezeka?

QS_wa_ku_Kanengo
Simenti ayi. Ikakhala miyezi itatu imayamba kutaya mphamvu ngakhale isanaume, ndipo nyengo ya mvula imayamwa chinyezi cha mumpweya. Gulani ya gawo lomwe mukugwira, muisanje pa matabwa, isakhudze pansi kapena khoma. Ngati mukufuna kuthawa kukwera kwa mitengo, ikani ndalama pa zinthu zosawola: malata, zitsulo, mafelemu, matailosi, mawaya a magetsi, bola pakhale posunga pokhoma. Matabwa a denga musafulumire, a paini aawisi amapindika akasungidwa molakwika, chiswenso chimawakonda. Muonenso nambala ya pa thumba. Kaya ndi Akshar ya ku Kasungu, Njati ya ku Mangochi kapena Dangote yochokera ku Zambia, funsani ngati ili 32.5 kapena 42.5. Yomangira ndi pulasitala 32.5 imakwana, palibe chifukwa cholipirira yamphamvu pa ntchito imeneyo.

Mai_a_Tadala
Ena amalipiriratu ku hadiweya n'kumatenga pang'onopang'ono.

Kambewa
Ndinayesapo. Mitengo itakwera mwini sitolo anati ndalama yanu ija pano ikukwana matumba 31, osati 50. Pa lisiti analemba ndalama yokha, matumba sanalembe. Ndinaluza mlandu ndisanauyambe.

Nachisale_Mphunzitsi
Mwaona a Kambewa, nanunso kumbuyo kwa kope kunakusowani.

Kambewa
Aphunzitsi mwandigwira.

Nyamazikulu_BT
Chinanso achimwene, musaganize kuti mukafika pa denga mwamaliza. Ine ndinavina tsiku lokhoma malata, osadziwa kuti ndalama yomwe yatsala kulowa ikufanana ndi yomwe yalowa kale. Pulasitala, siling'i, mawaya, mapaipi, matailosi, zitseko, magalasi, penti, kulumikiza madzi ndi magetsi a ESCOM, mpanda. Nyumba zambiri zomwe mumaziona zili ndi malata koma mazenera otseka ndi njerwa, eni ake anawerengera mpaka pa denga basi. Khalani pansi lero mulembe zonse mpaka loko wa chitseko chomaliza, muone ngati khonde lachiwiri mungalikwanitse.

Gogo_Chalo
Ndiloleni ndinene za alamuwo, popeza nonse mwatanganidwa ndi masamu. Bambo ameneyu amadzuka m'mawa, kukwera minibasi kupita ku Njewa, kuthamangitsana ndi amatipa, kukangana ndi amisiri, miyezi ingati tsopano? Mumamupatsa chiyani? Kapena mumangoti ndi m'bale? Munthu wosiya ntchito zake n'kumagwira mamiliyoni a mnzake iye m'thumba muli mbee, mukumuika pa mayesero ndinu. Muuzeni kuti pa mwezi ndizikupatsani zakuti, za thiransipoti ndi nthawi yanu. Mukatero mwapeza ufulu wofunsa, chifukwa tsopano ndi ntchito. Ndipo nkhani ya kope musaiyambe ngati mlandu. Nenani kuti ndalama zikundivuta kuno, ndikufuna tiziona limodzi pomwe tili. Chibale ndi fupa, nyumba mukhoza kugulitsa.

Kambewa
Agogo apa mwalasa. Koma pali alamu ena ukawalipira amangowonjezera pa zomwe akudya kale.

Dada_wa_ku_Leeds
N'chifukwa chake wogula asakhale yemweyo wosunga makiyi. Ine hadiweya ndimalipira ndekha kuchokera kuno, mchemwali wanga amalandira ndi kuwerenga, mmisiri amasaina potenga. Ndipo pa gawo lililonse ndimatuma mnyamata wina amene anaphunzira zomangamanga ku koleji ya ntchito zamanja, sadziwana ndi aliyense wa iwo, amakayeza n'kunditumizira manambala. Ndimamulipira pa ulendo. Kuti atatu onsewo agwirizane kundibera, ndiye kuti ndi tsoka langa basi.

Mphukira_Zomba
Nanga maliro akagwa? Kwathu ndalama ya lintala inagula bokosi la amalume, ndinauzidwa patapita mwezi. Ukafunsa akuti ulibe umunthu.

Mai_a_Tadala
Imeneyo ndiye variation yeniyeni ya ku Malawi. A Injiniya, ilipo m'mabuku mwanu?

Injiniya_Wamng'ono
Mulibe mayi, koma mankhwala ake ndi omwe anena a ku Leeds. Ndalama ya nyumba isagone m'foni mwa munthu. Ikakhala pa Airtel Money kapena Mpamba ya m'bale sabata yathunthu, vuto lililonse la pamudzi limaidziwa.

Wakujoni_Njewa
Ndabweranso, abale. Usiku ndinalankhula ndi alamu, mlongo wanga ali pomwepo. Ndinayamba monga ananenera agogo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati akhala akudikira kuti ndidzafunsa liti za thiransipoti yawo, ndipo anavomera okha kuti masiku ena ankatapa pa ndalama ya katundu kukwerera minibasi ndi kugulira amisiri chakudya, osalemba. Tagwirizana ya pamwezi. Mlongo wanga agula kope mawa, makiyi a kasitolo asunga ndi iye. Za 60 zija akuti mmisiri anaphatikiza mapilala atatu a pakhonde ndi masitepe, ndawauza kuti ndilipira 45 ku hadiweya ndekha, za mapilala tiwerengera pazokha. A QS, ngati mungalole ndikutumizireni pulani ku inbox mundiwerengere mpaka kumapeto, ndilipira.

QS_wa_ku_Kanengo
Tumizani, pamodzi ndi zithunzi za mbali ya kumunsi ija. Mundiuzenso ngati khitchini mukufuna matailosi mpaka m'mwamba, ndisadzamve pa foni usiku.

MmisiriWakale
Ring beam akathira aziithirira madzi masiku asanu ndi awiri, muike ndalama ya madzi pa bajetipo. Ku Njewa mgolo sudzadza wokha.

Kambewa
Zonse zili bwino, koma ine ndikadali pa matumba 20 owuma aja. Simenti youma sithawa, imasanduka mwala. Chithunzi chilipo?

Wakujoni_Njewa
Atumiza m'mawa uno. Anawayala pa geti kuti tipa isamatitimire m'matope. Ndawerenga katatu, ndikupeza 14.

Kambewa
Asanu ndi limodziwo anatitimira ndi tipa.